Chimanga Chokwera Ngolo

"Mubwerezenso, mwina kutenthaku kwanditseka makutu," ndinatero ndikuika lichero pansi. "Mwati chimanga changa chitani?"

"Tichibwereke chabe, mayi a Praise. Tsiku limodzi lokha."

"Chimanga chili chiimire m'nthaka ndi mizu yake, muchibwereke ngati benchi ya pamaliro?"

Amuna anga, a Alick, anali pakhonde, nsapato atavula, foni ya kuntchito ili pabondo. Anandiyankha mofatsa, ndi mawu aja amachititsira misonkhano ya alimi, ndipo mawu amenewo amandipsetsa mtima kuposa kukalipa. Anati ndisathamangire kukwiya ndisanamve dongosolo lonse. Dongosolo lakelo linali lakuti apite kudimba kwathu m'mbali mwa Shire, akazule chimanga ndi dothi lake, achikweze pangolo, akachiimike kusikimu yothirira ya bungwe lawo kumtunda, achijambule, zithunzi zipite ku Lilongwe. Akamaliza, ati, chibwerere kwawo. Munthu wamkulu, wa dipuloma yake yopachika pakhoma, kundiuza ine kuti chimanga chotulutsa ngayaye chingapite kokayenda n'kubwerako chamoyo. Ndinawafunsa ngati kukoleji kuja ku Blantyre anawaphunzitsa kuti chimanga chili ndi miyendo. Sanaseke, nanenso sindinafunsire kuseketsa munthu.

Chaka chimenecho mvula inatithawa pakati. Kumtunda kwa Malemia mapira ndi chimanga zinapserera zisanabereke, ndipo chimene tinatsala nacho ndi dimba lokhalo, lomwe tinadzala madzi a Shire atabwerera m'malo mwake. Dimbalo linali la malemu mayi anga, ndipo kwa ife Amang'anja munda wa mayi umagwera mwana wamkazi. Ndinalilima ndi ababa anga, a Paison, amene amagona kumeneko m'kachisakasa kuthamangitsa mvuu. September anali atangoyamba, chimanga chitandipitirira mapewa, china chitayamba kuonetsa ndevu. Chakudya chathu mpaka tidzakololenso chinali chimenecho, panalibe china.

Sikimuyo ndiye inali nkhani ina. Bungwe limene a Alick amagwirako ntchito linabwera madzi osefukira atationonga, linaboola chitsime kumtunda, linaika pampu ya sola ndi thanki pamwamba, linatchinga waya, n'kuimika chikwangwani chotalika kuposa nyumba yathu. Tsiku lotsegulira madzi anatuluka, alendo anaomba m'manja, ife tinavina. Mwezi usanathe pampu inapsa. Amuna anga analemba lipoti, analembanso lina, analemba mpaka zala kuwawa, koma bwana wawo, a Harold, amene amakhala ku Blantyre, amangoti nkhaniyo ili m'manja mwa kontilakita. Chaka chinatha m'sikimumo mukungomera minga, mbuzi zikulowa pansi pa waya kukagona pamthunzi wa thanki.

Ndinati ngati a ku Lilongwe ali ndi njala yoona zobiriwira, a Alick apite kudimba akajambule mpaka foni itope, palibe angawaletse. Apa ndi pamene anandilongosolera ufiti wa foniyo. Masiku ano mabwana sabweranso kudzaona okha, kuno kwatentha ndipo mafuta akwera. Amangopereka foni, ndipo chithunzi chilichonse chimene yajambula imachidinda malo enieni amene munthu waima, kenako chimakatulukira pakompyuta ku likulu. Ukajambula kudimba, foni inena kuti ndi kudimba. Munthu unganame, foniyo ayi. Ndiye popeza foni singasunthe malo, chimanga ndicho chisunthe.

"Tamverani," anatero. "Opereka thandizo achepetsa. Gawo lachiwiri la pulojekiti likamayamba, maofisala tonse a m'chigwa muno atichotsa. Atsala ndi munthu mmodzi, manejala wa Nsanje yense, ndipo asankha poona masikimu pakompyuta. Amene yake yabiriwira watsala. Amene yake yauma, kwawo."

"Ndiye a Harold akutumani kuti mukazule chimanga cha mkazi wanu?"

"Sananene choncho. Angoti iwo sakundiuza chochita, koma a ku Lilongwe sakonda kuona fumbi."

Anthu otere ndimadana nawo kuchokera pansi pa mtima. Amakukankhira m'matope ndi mawu osalala, iwo malaya ali oyera, ndipo ukamira palibe liwu limodzi lomwe ungawagwire nalo. Ndinawauza amuna anga zimenezi, koma makutu awo anali atapita kale ku mpando wa umanejala.

Sikuti a Alick ndi munthu wachinyengo chobadwa nacho, ayi. Ntchito imeneyi amaikonda kuposa ndiwo. Dipuloma ija anaivutikira, Loweruka lililonse kukwera minibasi kudutsa pa Chikwawa mpaka kumtunda ku Blantyre, kubwera Lamlungu maso atafiira. Amandiuza kuti dziko la mawa lidzayenda ndi mapulojekiti okhaokha, kumanga zotchinga madzi, kusamutsa midzi, kukonza misewu, ndipo munthu wodziwa kuyamba chinthu, kuchiyendetsa ndi kuchitseka pa nthawi yake sadzagona ndi njala. Sanali okha pokhulupirira zimenezi. Kuno kwathu zikwangwani za mabungwe zachuluka kuposa mitengo ya masau, ndipo mwana aliyense akalemba Fomu Folo safunanso uphunzitsi kapena unamwino, amafuna galimoto loyera la mlongoti ndi botolo la madzi m'manja. Palibe amafunsa kuti pulojekiti ikatha, woyendetsa wake amalowera kuti.

Tsiku limenelo ndinawayankha mawu olemera, ndipo sindinawabweze. Ndinati iwo pamudzi pano ndi mkamwini, anabwera ndi chikwama chimodzi, ndipo m'chikwamamo munalibe dimba. Anavala nsapato zawo n'kutuluka. Ndinaganiza kuti nkhani yatha, osadziwa kuti alunjika kwa ababa.

Ababa ndi amene anali wapampando wa komiti ya sikimu, udindo umene anaunyadira ngakhale kuti ntchito yake inali kuthamangitsa mbuzi basi. Mawa lake tili kudimba anayamba kuzungulirazungulira nkhani, kuyamikira akamwini awo kuti ndi munthu wophunzira, wosamwa, wolemekeza akulu. Ndinawauza kuti anene chimene chawavuta.

"Mwananga Rute, sikimu ikaoneka yakufa adzazula masola aja n'kupita nawo kwina. Ikaoneka yamoyo, gawo lachiwiri likubweralo adzakonza pampu, mudzi wonse uzithirira chaka chonse. Komanso mwamuna wako akhale manejala. Mizere iwiri yokha akufuna, ya m'mphepete."

"Wanena ndani kuti adzakonza?"

"Akamwini."

"Nanga iwo awauza ndani?"

Anayang'ana kumtsinje ngati yankho lili kubwera pabwato.

"Nkhabe, ababa," ndinatero, m'Chisena chimene iwo amakanira nacho zinthu akatsimikiza. "Inu mwakalamba mukulima. Mukudziwa kuti chimanga chotere ukachigwedeza mizu chapita. Dimba ili ndi la mayi, ndipo ine ndakana."

Anati amva. Sananene kuti avomera, ndipo ine ndinalakwitsa kuwerengera ziwirizi ngati chinthu chimodzi.

Sabata yomweyo kunagwa maliro a azakhali anga ku Bangula. Ndinabereka Praise, mwana wathu, n'kunyamuka, ndipo ndinakhalako mpaka titaika ndi kusesa. Pobwera ndinatsika minibasi pamsewu n'kukwera kabaza, dzuwa litapendeka pang'ono koma likuotcha ndithu. Njira yakwathu imadutsa pasikimu. Tikukhota pamtengo wa mlambe ndinaona chobiriwira m'kati mwa waya muja, kuyambira kuchipata mpaka kuthanki, masamba akugwedezeka ndi mphepo. Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe, ndikunena zoona. Ndinaganiza kuti akonza pampu, mpaka ndinamenya wakabaza pamsana kuti taona, Mulungu watikumbuka. Wakabazayo anangopalasa mwamphamvu. Ndipo pamenepo mutu unabwerera. Ndi pampu yanji imameretsa chimanga chofika m'mapewa munthu ali kumaliro?

Ndinatsika njinga isanaime bwino. M'sikimumo munali anthu a m'mudzi mwathu momwe, amayi ndi ndowa pamutu, anyamata ndi zigubu, kuthira madzi patsinde lililonse. Ngolo ziwiri zinali pambali, ng'ombe zikupuma. Pakati pa chimangacho panaima ababa, atavala jekete yawo ya kutchalitchi m'kutentha konseko, khasu paphewa, akumwetulira mano onse kunja, ndipo amuna anga anali atagwada ndi foni, akuwauza kuti akweze chibwano pang'ono. Patsinde lililonse panali chibuma cha dothi lakuda la kudimba, chokwiriridwa mwachangu m'mchenga wotuwa wa kumtunda. Masamba a m'munsi anali atayamba kale kupindika.

Atandiona, ndowa zinatsika pamitu imodziimodzi. Ababa anachotsa khasu paphewa n'kuliyang'ana ngati aliona koyamba. A Alick anabwera akupukuta mawondo, n'kuyamba kundilongosolera kuti anafunadi mizere iwiri yokha, koma foniyo inafuna chithunzi cha ngodya iliyonse ya munda, kenako inafuna kanema wa munthu akuyenda kuchokera kuchipata mpaka kuthanki, ndiye mipata inkaoneka, ndiye ngolo inabwereranso, ndiye inabwereranso. Sindinadikire kuti amalize. Ndinapatsa mayi wina mwana n'kuthamanga kutsikira kumtsinje.

Dimba la mayi anga linali maenje okhaokha. Phando lililonse dzenje, phando lililonse dzenje, maungu amene ndinadzala pakati ataphwanyidwa ndi mateyala a ngolo. Chinatsala ndi kachigawo ka kumapeto kwenikweni, kumene ngolo inaopa kutitimira. Ndinakhala pansi m'dothimo. Sindinalire msanga. Chimene chinkandizungulira m'mutu ndi chakuti amuna awiri, onse obwera, mmodzi anakwatira mayi anga, wina anakwatira ine, anakhala pansi n'kugawana munda umene suli wa aliyense wa iwo, atadikira kuti mwini wake apite kukalira maliro.

Kutacha a Alick anayesadi kusunga lonjezo lawo. Anazulanso china n'kuchikweza ngolo kubwerera nacho kudimba, ngati kuti kuzula kawiri ndiko kuchiritsa. Chimene chinabwerera chinafera kudimba, chimene chinatsala chinafera kusikimu, ndipo sabata isanathe zonse zinali mapesi oti mbuzi zikhute. Ababa ankathirira mapesiwo m'mawa uliwonse mpaka anthu anayamba kuwamvera chisoni. Ine sindinawaletse ndipo sindinawayankhule. Chakudya ndinkawaikira pakhomo pawo n'kubwerera.

M'nyumba mwathu namo munali zii. A Alick ankayesa kundiuza uthenga wabwino, wakuti sikimu yathu yatuluka yoyamba m'chigwa chonse, kuti a Harold aimba foni kuyamikira, kuti zithunzi zija zaonetsedwa pamsonkhano waukulu ku Lilongwe ndipo azungu anaimirira n'kuomba m'manja. Anati ndipirire pang'ono, akangolowa umanejala adzagula chimanga chodzaza chipinda, ndidzachita kusowa poponda. Anandiuzanso za mnzawo wina wa kuntchito, Thandizo, mtsikana woyang'anira sikimu ya kufupi ndi Marka, amene anajambula pampu yake yakufa ndi minga yake momwe n'kutumiza choncho. Anati mtsikanayo wadzichotsa yekha ntchito chifukwa chouma mutu. Ndinati mtsikana ameneyo mayi ake anamulera, ndipo ndi mawu okhawo amene ndinayankhula nawo sabata imeneyo.

Kumayambiriro kwa October anaitanidwa ku Blantyre. Malaya anasita okha, nsapato anapukuta mpaka kuwala, ndipo potuluka anandiuza kuti pobwera ndidzawalandire ngati mkazi wa manejala. Anabwera mawa lake masana. Ndinawaona akuchokera kumsewu wapansi, osakwera kabaza, tayi ili m'thumba, ndipo ndinadziwa asanafike pakhonde.

Anakhala pampando. Kenako anafotokoza, maso ali pansi. Ku likulu anakondwa kwambiri ndi momwe mafoni agwirira ntchito, moti anaona kuti manejala wa ku Nsanje safunikanso. Kompyuta ikutha kulandira zithunzi, kuwerengera minda, kulemba lipoti ndi kukumbutsa masiku, zonse zimene a Alick anakaphunzira Loweruka lililonse zija. Chofunika ndi chala chodina foni basi, ndipo chala chimenecho chikhoza kukhala cha munthu wa m'mudzi wongodzipereka, wosalipidwa. Maofisala onse achotsedwa, wonama ndi woona mtima yemwe, a Alick pamodzi ndi Thandizo. Atsala a Harold ndi anthu awiri a makompyuta ku Lilongwe. Ndipo chitsanzo chimene anaonetsa pakhoma, chotsimikizira kuti njira yatsopanoyi ikutheka popanda munthu kupita kumudzi, chinali chithunzi cha ababa atanyamula khasu.

"Nanga pampu?" ndinafunsa.

"Amisiri apita kusikimu ya Thandizo. Yathu pakompyuta ikuoneka kuti ikugwira ntchito."

Ndinaseka. Kunali kuseka koipa, kochokera m'mimba, mpaka Praise anayamba kulira. A Alick anandipempha kuti ndisiye, anthu akumva. Ndinati amve, si iwo omwe anasenza ndowa?

Sizinathere pomwepo. Patapita masiku, bungwe lomwelo linayamba kugawa chimanga cha thandizo m'midzi yokhudzidwa ndi chilala. Malole anadutsa pamsewu wathu, fumbi lake tinalimeza, n'kukatsitsa m'midzi ya kutsogolo. Mudzi wathu anaudumpha. Anthu atapita kukafunsa anauzidwa kuti ife tili ndi sikimu yothirira yochita bwino kuposa onse, ndiye tikolola posachedwa, thandizo lipite kwa ovutika enieni. Amayi omwe aja anathira madzi patsinde anayamba kudutsa pakhomo pathu osapereka moni, ngati kuti ndine ndinawatuma. Ababa anasiya kupita kutchalitchi.

Ndiye tsiku lina a Harold anabwera okha, koyamba chichokereni tsiku lotsegulira lija. Galimoto analiimika pamthunzi wa mlambe injini ikulirabe, kuti m'kati musatenthe. Anthu tinasonkhana pachipata cha sikimu. Anali munthu wonenepa bwino, wa mawu okoma, wodziwa kupereka ulemu kwa akulu ndi manja awiri. Anati bungwe laona kuti nthawi yakwana yoti eni mudzi aziyendetsa okha chitukuko chawo, osadalira anthu a maofesi. Anaitana ababa kutsogolo n'kuwapatsa foni ija, yomwe ija inali ya a Alick, kuti mwezi uliwonse azijambula munda n'kutumiza. Anawapatsanso mphatso, chinsalu chachikulu cha pulasitiki chimene chinapachikidwa kumsonkhano wa ku Lilongwe. Anyamata anachitambasula. Panali chimanga changa, chobiriwira kuposa momwe chinalili chili moyo, ndi ababa pakati, nkhope yaikulu ngati chitseko, akuseka. Pamwamba analemba zilembo zikuluzikulu kuti njala yagonja kwa Malemia. Ababa analandira n'kuthokoza m'Chisena kuti takhuta.

Akanathera pamenepo mwina ndikanangokhala chete. Koma a Harold anatembenukira kumapesi aja, n'kupukusa mutu mwachisoni. Anati ayenera kunena chilungamo monga mnzathu, kuti zawakhumudwitsa. Bungwe linasiya munda wobiriwira mwezi wathawu, umboni ndi uwu pachinsalupa, ndipo lero aupeza wouma. Anati vuto la anthu a kuchigwa ndi limeneli, kulandira amadziwa koma kusamala ayi, ndipo komiti, kuyambira wapampando, ikuyenera kudzifunsa.

Ndinaona khosi la ababa likugwa. Miyendo yanga inaimirira yokha. Ndinalowa m'sikimumo, ndinagwira phesi limodzi ndi zala ziwiri n'kulikoka, ndipo linatuluka mosavuta ndi chibuma chake chakuda chouma. Ndinapita nalo n'kuliika pa boneti ya galimoto lawo loyeralo.

"Bwana, dothi ili ndi la pano?"

"Mayi, ine si katswiri wa za nthaka."

"Pampu iyi inapsa chaka chatha. Malipoti anabwera kwa inu. Chimanga ichi ndi changa, chinabwera pangolo kuchokera kudimba la mayi anga, chifukwa inu munati a ku Lilongwe sakonda fumbi. Lero mwana wanga akudya kamodzi, malole akutidutsa, ndiye mwabwera kudzanyoza ababa anga pamaso pa anthu?"

Sanakwiye. Anachotsa phesilo paboneti ndi nsonga za zala, n'kupukuta pamene linali ndi kansalu. Anati akumva ululu wanga ndipo ngati zimene ndikunenazo n'zoona, ndi nkhani yaikulu yofunika kufufuzidwa, chifukwa bungwe lawo silisekerera chinyengo.

"Koma ine, mayi, sindinazulepo chimanga cha munthu. A Alick ali pomwepa. Tiwafunse pamaso pa onse. A Alick, kodi ine ndinakutumani kuti muzule chimanga?"

Anthu onse anatembenuka. Amuna anga anali kumbuyo kwenikweni, atatsamira waya. Ndinawayang'ana, ndipo m'mtima ndinkawapempha kuti kamodzi kokha aime ngati munthu, anene za malipoti amene anakwiriridwa, anene za mawu a fumbi aja, anene chilichonse. Anatsegula pakamwa, anayang'ana a Harold, anayang'ana galimoto.

"Simunanditume, bwana."

A Harold anatambasula manja kwa anthu, kusonyeza kuti mwamva nokha. Anatsanzika mwaulemu, anakumbutsa ababa kuti chithunzi choyamba chikufunika mwezi ukamatha, n'kulowa m'galimoto lawo lozizira.

Kunyumba a Alick anayesa kudziteteza. Anati sananame, munthuyo sanawatumedi ndi pakamwa pake. Anati ndisaiwale kuti bungwe lililonse limene angakafunsireko ntchito lidzaimbira a Harold kufunsa za khalidwe lawo, ndipo liwu limodzi loipa la munthu ameneyo lingatseke zitseko zonse kuyambira Nsanje mpaka Karonga. Anati akuteteza tsogolo lathu. Ndinawauza kuti tsogolo lawolo ladya dimba langa, ladya thandizo la mudzi, ladya dzina la ababa, ndipo likuoneka kuti silinakhute, choncho asalilowetsenso m'nyumba mwanga. Ndinawafunsanso kuti mabungwe enawo, amene akuwasungira ulemu wa a Harold, alibe mafoni? Anatuluka n'kukakhala kuseri kwa nyumba mpaka dzuwa kupendeka.

Kachigawo kotsala kaja tinakolola dengu losadzaza, ndipo sikanatifikitse patali. Kumapeto kwa mwezi ndinachita chimene mayi anga ankati sindidzachita ine ndili ndi mwamuna wophunzira. Ndinamanga chitenje m'chiuno n'kupita ndi amayi anzanga kudambo la Ndindi kukazula nyika. Amene sanadyepo nyika asafunse kukoma kwake. Ndi timizu takuda ta maluwa a m'madzi, umachita kumira mpaka m'khosi n'kumafufuza ndi zala m'matope, uku ukudziwa kuti ng'ona nazo zili ndi njala. A Alick ananditsatira osaitanidwa. Anabwereka bwato, n'kumaima m'menemo ndi nkhafi m'manja, maso pamadzi, kuti akaona chogwedezeka amenye. Ntchito imeneyo anaigwira bwino, sindingawanamizire, koma sindinawathokoze.

Nyika zina timaphika, zina timasenda n'kuyanika kuti tisinje ufa. Mphasa yathu inali itatha, ndiye ndinakumbuka chinsalu chija, chimene ababa anachipinda n'kuchiponya pansi pa nkhokwe yopanda kanthu. Ndinachikoka, ndinachitambasula pabwalo, ndinachipsinja ndi njerwa m'makona. Pulasitiki yake ndi yolimba, ya ndalama zambiri, yosalowa chinyezi. Ndinakhuthula dengu n'kuyamba kumwaza. Nyika zinaphimba chimanga cha kumanzere, zinaphimba cha kumanja, zinaphimba zilembo zonena za njala zija, koma zinali zochepa, ndipo pakati panatsala nkhope ija ikusekerera kumwamba.

Ndinamva ndodo kumbuyo kwanga. Anali ababa, foni ya bungwe ikulendewera pakhosi pa chingwe, chifukwa inali itayamba kale kulira kuwakumbutsa za chithunzi cha mwezi. Anaonda masabata amenewo, jekete ikanawakwana awiri. Anaima akudziyang'ana pansipo.

"Rute, mwananga," anatero motsitsa. "Tembenuza chinsalucho. Ndisamadzione."

Aka kanali koyamba kundipempha kanthu chichokereni tsiku la ngolo. Ndinawayang'ana, munthu amene anandiphunzitsa kugwira khasu. Chinsalucho sindinatembenuze. Ndinagwada, ndinakokolola nyika zodzaza manja awiri kuchokera m'mphepete, ndinazithira pankhope yosekayo n'kuzisalaza bwinobwino mpaka mano onse atabisika. Kenako ndinawauza kuti akhale pamthunzi aziingitsa nkhuku, ine ndikabwerezenso kudambo madzi asanatenthe.